Kambiya ka inki sapatsirana m'manja

Lolemba, 3 Malichi, mumzinda wa Jingdezhen

Aliyense wosunga timbiya ta inki takale amaopa phokoso limodzi. Lero ndalimva. Kanga koyera kaja, kojambulidwa nsomba ziwiri zabuluu, ka zaka zoposa zana. Zidutswa zisanu.

Lamulo ndimalidziwa, ndaphunzitsa ambiri: chinthu chosachedwa kusweka sapatsirana m'manja. Umachiika patebulo, n'kuchotsa dzanja, mnzako ndiye atole. Chikagwa, wogwetsa amadziwika, ubwenzi n'kutsala. Koma Dou Wenhai ndi mnzanga wa zaka makumi anayi. Ndinangomutambasulira. Kanagwera pakati pathu.

"Zala zanga zamafutazi!" anatero, n'kuchoka osamaliza tiyi.

Lachinayi, 6 Malichi

Dou zii. Wasiya malalanje pakhomo osagogoda. Sindinadye ngakhale limodzi.

Ndilembe zoona, poti muno sawerengamo wina. Sanagwetse iye. Ndinataya asanagwire. Dzanja lamanjali linayamba kunjenjemera chaka chatha. Ndimalibisa m'thumba la jekete.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndapukuta timbiya totsala makumi atatu, nditakhala pansi, bulangete pamiyendo. Ntchito ya ola limodzi yanditengera m'mawa wonse.

Kumsika akuti Dou akufuna wogula kambiya ka maluwa ofiira kamene bambo ake ankalembera, kuti andipezere kena ka nsomba. Chokhacho chimene anamusiyira. Wogula abwera Lachisanu. Mawu anga awiri okha angaletse zonsezi, koma manyazi. Zaka makumi atatu ndinkalanga ana onama m'kalasi!

Lachitatu, 12 Malichi

Ndinapita kwa Dou. Ndinatulutsa dzanja m'thumba, ndinaliika patebulo pake kuti aone yekha. Ndinaulula.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, chaka chathunthu mukuthirira tebulo langa tiyi ngati dimba. Mumayesa ndilibe maso?" Kenako motsitsa mawu: "Ndinkadziwa, koma ndinakusiya unditambasulire. Ndiye wogwetsa ndani?"

Anandilonjeza kuti wogula uja amubweza. Kenako anatenga ka bambo ake, n'kunditambasulira m'malere. Ndinaloza tebulo. Ndinayamba kufotokoza lamulo, monga mwa chizolowezi changa.

"Tebulo n'la alendo, nkhalamba iwe. Tayesa. Manja awiri. Ine sindisiya mpaka unene."

Ndinagwira. Kanali kofunda, kotenthedwa ndi manja ake. Dzanja linanjenjemera, iye anamva, sanasiye.

Ndinachedwa dala kunena.