Nthambi ya mkungudza ku Kabwata

14 Disembala

Ndikukumbuka ndili giredi 4. Atate akubwera kuchokera ku Libala, mvula ikugwa, nthambi ya mkungudza yamangidwa panjinga, nsonga yake ikukwekwereza m'matope. Ankaiimika m'chitini cha penti, mchenga m'kati, thonje panthambi, mabaluni. Nyumba yonse fungo la mtengo. Chaka chilichonse choncho. Ichi n'choyamba popanda iwo. Tinawaika mu Juni.

Amayi sachoka kuchipinda. Wailesi, tiyi, kugona. Ndawafunsa za Khirisimasi. "Chaka chino kulibe."

Charlotte, mkulu wanga, waimba foni. Akufuna amayi akadyere kwake ku Woodlands. Mtengo wapulasitiki wobwera ndi magetsi ake, chakudya chooda. Chipinda wapenta kale, makatani atsopano. Munthu sagula makatani chifukwa cha tsiku limodzi. Amayi akatuluka muno ndi chikwama sabwereranso.

Ndiyesa. Pabalaza pakaoneka ngati kale, mwina atuluka.

15 Disembala

Ku Libala kwa ba Kunda, mnzawo wa atate. Mtengo uli kuseri kwa nyumba yawo. "Lelo?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa chikwanje. Ndinaganiza kuti ndi chisoni.

Kondakitala wa minibasi wakana. Akuti mtengo ulipire mpando wake, ndipo ukhale pansi ngati anthu ena. Ndayenda wapansi, nthambi paphewa. Anyamata a pamsika: "Ba bosi, nkhalango muipeleka kuti?"

Chitini ndachipeza kuseri kwa thanki. Dzimbiri, koma chilipo.

17 Disembala

Mtengo waima pakona, pafupi ndi windo. Amayi adutsa popita kubafa, pobwereranso. Maso kutsogolo.

Kuntchito anzanga akukamba za phwando la ku Kabulonga. Ndati ndili ndi alendo.

20 Disembala

Mtengo ukusintha mtundu. Wayambira pansi. Ndasesa m'mawa, madzulo masamba ali mbwee. Ndathira madzi. Ndawerenga pa foni kuti shuga amathandiza, ndathira shuga. Tsopano kuli nyerere.

Ndayesa chikanda. Amayi ankaphika pa Khirisimasi iliyonse, ine ndinkangodya. Nsinjiro, soda, tsabola, zonse ndaika. Sichinalimbe. Cha amayi ankadula ndi mpeni, changa n'chomwa. Ndawapititsira kuchipinda ndi supuni. Anunkhiza. "Zikomo." Mbale yabwerera momwe inapitira.

Mwina sindichitira iwo. Mwina ndine amene ndikuopa nyumba yopanda munthu wotsokomola kuchipinda chinacho.

22 Disembala

Charlotte wabwera. Waima pakhomo, makiyi a galimoto m'manja. "Iwe Besa, iyi ni nkhuni."

Sindinatsutse. Ndi nkhunidi.

Watsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu, walongedza madiresi, mankhwala, Baibulo. Ngakhale nsalu ya patebulo yamaluwa ofiira. Amayi anangokhala pabedi, manja pamaondo. Charlotte adzawatenga pa 24 masana.

Charlotte si woipa. Kwake kuli madzi tsiku lonse, magetsi a dzuwa, adzukulu. Kuno kuli ine.

23 Disembala

Mvula. Sindinasese.

24 Disembala

M'mawa ndikuwiritsa madzi, chitseko cha kuchipinda chatseguka. Amayi, nsapato kumapazi, chitenje chomangidwa bwino. Ndinaganiza kuti akonzekera Woodlands. Anaima kutsogolo kwa mtengo. Anaugwira, masamba anayoyokera pansapato.

"Unadula liti?" Ndinanena. "Pa 15! Nthambi ilibe mizu, iwe. Amadula pa 24. Zaka zonse zija unali kuyang'ana chani?"

Ndinkayang'ana mabaluni.

Anaukokera okha panja, osalola thandizo. Kenako: "Tiye. Anthu angabwele aone ichi, akambe kuti m'nyumba ya atate ako mulibe munthu."

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Libala, iwo kutsogolo. Ba Kunda anatuluka, chikwanje chili kale m'manja. Analonjerana Chibemba nthawi yaitali, osatchula maliro. Amayi anazungulira mtengo, kuloza nthambi ina ya kumwamba. Ndinakwera. Ndili m'mwamba ndinamva akuuza ba Kunda kuti atate sankadziwa kusankha. Amayiwo ndiwo ankabwera dzulo lake kudzaloza. "Beve, amuna anga, kunali kunyamula chabe."

Masana Charlotte anatipeza kunyumba. Amayi pansi, miyendo yotambasula, akung'amba thonje. Pamoto chikanda china, ine woletsedwa kuyandikira mphika. Charlotte anafunsa za chikwama. "Chotsamo nsalu ya patebulo. Ndipo uuze amuna ako abwele mailo pa Khirisimasi na nkhuku yamoyo, osati ija ya m'bokosi."

Charlotte anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi. Anavula nsapato, n'kukhala, n'kutenga thonje. Za komwe amayi adzakhale mu Januwale palibe wanenapo.

Tsopano vuto ndi chitini. Poikamo nthambi yatsopano chapindika pansi, mtengo wapendekera ku TV. Mwala wakana, silipasi yakana. Amayi akufuna pepala lokhuthala loikira pansi. Nyuzipepala zinatha pokolezera mbaula. Aona mapepala ndikulembawa.

"Ivo vamene ulemba, vili na nchito?"

Magalasi awo ali kuchipinda, sawerenga. Atambasula dzanja. Ndikuwapinda mapepalawa.