Achimwene Patsogolo, Ine Pambuyo

Loweruka, mwezi wa Outubro. Lero kunatentha, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Achimwene ndi alamu anafika dzana kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kudzacheza nafe kuno ku Furancungo masiku ochepa. Achimwene aonda. Koma anabwera ndi mbedza zokulunga m'kansalu, ati tikawedze kudziwe lija bambo ankatcherako mono.

Ndinawauza zoona, kuti njira ya kumeneko anthu akuti inakwiriridwa mabomba, ndipo ife timaponda pokhapo paponda ng'ombe. Anangoseka. "Ngati ng'ombe yosapita ku universidade ikudutsa, iwe ungalephere? Tiye."

Titafika pamene njira imachepa, ndinafuna kutsogola, poti alendo ndi iwo. Anandigwira phewa. "Unayamba liti kuyenda patsogolo pa mkulu wako? Ponda m'mapazi mwangamu." Ndi mmene tinkayendera tili ana, iwo patsogolo kusasa mame, ine pambuyo ndi chitini cha nyongolotsi. Ndinamvera.

Tinagwira timilamba tiwiri. Titabwerera kunyumba, alamu anati, "Abale inu, kuika moyo pachiswe chifukwa cha ndiwo zosakhutitsa ngakhale mphaka?" Achimwene anali kalikiliki kuyamwa mutu wa nsomba, maso ali chitsinzinire. Sindinawaone akudya chotero chiyambire nkhondo.

Chikundisautsa n'chakuti sindikudziwa ngati ndinawasiya kutsogola chifukwa cha ulemu kapena mantha. Mawa akuti tipitenso, ndipo ndatsimikiza kuti nditsogola ndine. Mawu owauza ndakonza kale, koma akadzandigwiranso phewa...