Dzanja la Alamu

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chija chinaleka? Nanga bondo la atate likuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Mudabwa kulandira kalata chonsecho foni muli nayo. Ndakuimbirani katatu kuti ndinene zimenezi, koma mukangoyankha ndimapezeka ndikufunsa za mvula. Ndaona kuti bola pepala, silindidula mawu.

Alamu anavulala dzanja lamanja. Musadzidzimuke, ali moyo, akudya, akuyenda. Koma zimene akhala akukuuzani pafoni, zoti ntchito ikuyenda bwino, si zoona. Masabata atatu atha asanagwireko macheka. Ndipo amene ndinachititsa ndine.

Mukudziwa kuti ntchito yathu ndi yodula ndi kusadza mitengo italiitali m'mipanda ya anthu. Chovuta chimakhala kukoleka chingwe choyamba panthambi ya pamwamba. Alamu ndiwo ankakwera nacho, manja ndi miyendo basi, ine pansi mtima uli m'mwamba. Ndiye ndinaganiza zopanga chida choponyera chingwecho ndi mpweya, kuti amuna anu asamakwere opanda chowagwira. Ndinalumikiza mapaipi awiri, ina yosunga mpweya wopopa ndi pampu ya njinga, ina yolowetsamo kathumba kamchenga komangirira ulusi wokokera chingwecho. Pakati pake ndinaikapo pisitoni, kachitsekero koyenda, kokhala ndi labala kumaso ndi kamkombero kena ka labala m'chiuno. Mpweya ukadzaza kamatseka, ndikatsegula kampopi kakumbuyo kamabwerera, kathumba n'kuuluka.

Mwezi wathunthu ndinalimbana ndi labala ameneyo. Ndinadula chubu cha galimoto, mpweya n'kumathawa. Ndinayesa chidendene cha nsapato yakale, chimodzimodzi. M'chipinda mwathu munkangomveka kuti tsiii ngati mwalowa njoka, mpaka mayi eni nyumba anabwera ndi mpini wa tsache kudzaiona. Alamu ankaseka atagwira pamimba, nandipatsa dzina loti Injiniya. Ankati kukadzabwera nkhondo adzabisala kutsogolo kwa mfuti yangayo, chifukwa ndiko kotetezeka.

Tsiku limene inagwira ntchito, ulusi unadutsa nthambi imene tonse tinkaiona chogadamira. Kapitawo wathu anandiyamikira pamaso pa anthu. Achemwali, mutu unakula tsiku limenelo.

Patapita nthawi pisitoni inayamba kulimba, ine n'kuipaka oyilo wa injini. Pamsewu wathu pali madala ena okonza makina opopera matayala, ndipo nditawaonetsa monyadira, anangotsina kamkombero kaja ndi zala n'kupukusa mutu. Anati oyilo ameneyo amatupitsa labala wamtunduwo, ndipo pisitoni ikakanirira mpweya uli kumbuyo kwake, imadzamasuka nthawi imene yafuna yokha. Anandipatsa kamkombero katsopano ndi girisi wawo pang'ono m'kapepala. Ndinathokoza, n'kuika m'thumba la ovolosi, mumtima ndikuti madalawa adziwa chiyani za chinthu chimene ndapanga ndekha. Paja akuti Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lachinayi lina mfuti ija inachedwa kuombera. Ndinatsegula kampopi, ndinapuma kamodzi, kawiri, kenaka ndi pamene inalira. Ndinaona, ndipo sindinauze munthu.

Lachisanu m'mawa tinali panyumba ina pamene mtengo unaweramira denga. Ndinapopa, ndinalozetsa, ndinatsegula. Zii. Ndili mkati moigwedeza, alamu anabwera kudzandithandiza. Iwo ankaganiza kuti kathumba kakanirira, ndiye anagwira kukamwa kwa paipi n'kupisamo zala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaletse, koma mpweya unanditsogolera.

Sanalire. Anangokhala pansi pakapinga atafumbatira dzanjalo pachifuwa, n'kundiuza kuti ndiwavule lamba wokwerera mumtengo chifukwa ndi wa kampani, angadethe ndi magazi.

Kuchipatala anapeza kuti mafupa awiri a kuseri kwa chikhatho anathyoka, ndipo chala cholozera anachidula pamfundo yoyamba. Panopa ali ndi chikhakha mpaka m'chigongono. Adokotala akuti dzanja lidzapola, koma zoti lidzagwiranso chingwe mwamphamvu ngati kale sakulonjeza.

Kapitawo atafunsa, alamu anati kunali kusasamala kwawo, chida chilibe vuto. Anatero kuti ine ndisachotsedwe ntchito. Kenaka anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni mpaka atachira, ati mungadwale ndi maganizo.

Sabata yatha ndinalephera kupirira. Ndinatulutsa kamkombero ka madala kaja, kakadali m'kapepala kake, n'kuwafotokozera alamu zonse, za chenjezo lija ndi za Lachinayi zomwe. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati amva, n'kundipempha kuti ndiwamange mabatani a malaya. Nkhaniyo sanaitchulenso. Amandilankhula bwinobwino, tikudya mbale imodzi, koma dzina la Injiniya lija sindinalimvenso pakamwa pawo. Akanangondimenya ndi dzanja latsalalo bwenzi ndikupeza bwino.

Kuntchito palibe wina wolimba mtima kukwera opanda chingwe, choncho kapitawo anandilamula kuti ndikonze chidacho. Ndinachotsa labala wotupa uja, ndinaika wa madala, ndinapaka girisi wawo. Madzi a tiyi amene ndinatereka asanawire, ndinali nditamaliza. Tsopano chikuombera bwino tsiku lililonse. Lamulo ndaika loti chikakana, mpweya uyambe waphwetsedwa wonse munthu asanayandikire kutsogolo, ndipo anzanga akunditama kuti ndine wosamala. Ndimangoyang'ana pansi.

Zina zakuno ndi zazing'ono. Denga likudontha pakona ya kumiyendo kwa bedi, tinaikapo beseni. Woyandikana nafe wagula wailesi yaikulu kuposa chitseko chake. Mayi eni nyumba, ndi ukali wawo uja, akumawachapira alamu malaya osawapempha.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Alamu akukana kuti ndiwasambitse, ndiye amavutika okha m'bafa dzanja atalikulunga m'pepala la pulasitiki, ndipo ndimamva sopo akugwa kasanu. Ndikapita kuntchito amatsala atakhala pazenera, ndikabwera ndimawapeza pomwepo. Dzulo ndinawaona akuphunzira kulemba dzina lawo ndi dzanja lamanzere pachikuto cha buku lachipatala, ndipo atandiona anabisa pansi pa pilo. Munthuyu akufunika mkazi wake, osati nkhope ya amene anamuvulaza m'mawa ndi madzulo. Ana akhoza kutsala ndi amayi kwa masabata awiri. Ine ndalankhula kale ndi mnzanga wina wakuntchito, ndizikagona kwawo kuti chipinda chikhale chanu. Mukandiuza tsiku, ndidzakuchingamirani pokwerera mabasi.

Ndikudziwa kuti alamu akamva zoti ndaulula akwiya nane. Akwiye, mwina pamenepo adzanena zimene zili kukhosi kwawo. Koma inu mukadzafika musadzawakalipire chifukwa chokubisirani. Anachita zimenezo pokukondani inu ndi ponditeteza ine. Mawu onse owawa amene mudzabwere nawo mudzandisungire, ndidzaima n'kuwamva mpaka otsiriza.

Amayi ndi atate muwauze nokha mwa njira imene mukuidziwa, poti inu ndi amene mumatha kuwakhazika pansi. Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anu, amene sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana ndi maso ati. Ana muwauze kuti bambo awo amawafunsa tsiku ndi tsiku.

Tsalani bwino, achemwali, ngati mungathe.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi