Ng'ambani Tsamba la Chingwe

Kaporo,
Karonga.
Lachinayi m'mawa.

Okondedwa achemwali a Doris,

Kuno kwacha kopanda dzuwa. Mvula yaleka mbandakucha, koma kumapiri a kumadzulo mitambo yangoti bii, ndipo malata akudonthabe. Atambala alira mochedwa. Chimene chikumveka kwambiri ndi achule m'minda ya mpunga, komanso mtsinje umene ukulindima chapansipansi ngati lole yomwe ikubwera koma yosafika.

Muli bwanji ku Bembeke kumeneko? Amayi mwendo uja ukuwavutabe kukazizira? Nanga mng'ono wanga Khumbize chifuwa chija chinatha? Ine thupi lili bwino. Amalume a Patson nawonso ali bwino, kungoti ntchito yawo ya ulangizi yawachulukira chifukwa minda yambiri yamira.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Netiweki ikudukaduka kuyambira Lolemba, komanso foni ndi ya amalume, ndipo zimene ndikufuna kunenazi sindingazinene iwo ataima pambali panga. Kalatayi ndipatsira a Keziya, anamwino oyandikana nafe. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndiye akuti adutsa pa Bembeke ngati msewu ulola.

Sukulu anatitsekera Lachiwiri. M'kalasi mwathu mukugona mabanja amene nyumba zawo zalowa madzi. Madesiki tinawaunjika kukona, ndipo pamawindo payanikidwa zitenje.

Achemwali, mukukumbukira makope anga aja a Sajeni Chimphepo, amene munkandiseka nawo kuti ndikutha mapepala a sukulu ndi mabodza? Sindinasiye kulemba. Nditafika kuno chaka chatha ndinalibe woyankhula naye. Anzanga a m'kalasi amandiyankhula Chichewa mwaulemu ndithu, koma akangotembenuka amabwerera ku Chinkhonde chawo n'kumaseka zinthu zimene ine sindikumva. Choncho nthawi yopuma ndinkakhala kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi n'kumalemba za Chimphepo, chipsera chake cha patsaya, njinga yake yamoto, ndi mbava zimene amazithamangitsa mpaka kumalire.

Tsiku lina mnyamata wa m'kalasi mwathu, dzina lake Ambokile, ananditsomphola kope m'manja. Ndinadziwa kuti basi ndasekedwa mpaka teremu kutha. Koma iye anawerenga ali chilili, belu n'kulira iye osamva. Atamaliza anandifunsa mokalipa kuti kwinako kuli kuti, ndipo anati ndine munthu woipa mtima chifukwa chosiya Sajeni atalendewera pa mlatho. Ameneyo ndiye mnzanga woyamba kuno. Kunena zoona, ndiye yekhayo.

Kuyambira pamenepo kope silinkagonanso kwathu. Linkayenda kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4, n'kubwera lili ndi zala za mafuta a mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zimene amadya kuno. Linatulukanso kunja kwa sukulu. Anyamata a kuchigayo cha mpunga ankaliwerenga mokweza podikira magetsi. A kabaza amene amaima pamsewu analikonda chifukwa njinga ya Chimphepo siitha mafuta, ndipo ndikamadutsa ankandikuwira kuti Sajeni awauze kumene amathira. Ngakhale amalume ndinawapeza nalo tsiku lina. Ananamizira kuti akuona ngati ndikulemba Chichewa cholondola, koma kenako anatulutsa katoni ya timabuku takale ta Chingerezi topanda zikuto, timene ankagula ali mnyamata. Anati ngwazi ya m'nkhani zoterezi ndi munthu mmodzi yemweyo kuyambira kalekale, amangosintha jekete ndi dzina.

Ndinamufunsapo Ambokile chimene amakondera nkhanizi pomwe akudziwa kuti ndimangopeka. Anandiyankha kuti kuno madzi amabwera chaka ndi chaka, anthu amakwera pachulu ndi ana ndi mbuzi, n'kudikira thandizo limene limafika patapita masiku atatu. Koma Chimphepo sadikira msonkhano, salembetsa mayina, amafika tsiku lomwelo, ndipo nkhani ikamatha aliyense amakhala atabwerera kwawo. Anati munthu amafuna kumva zimenezo ngakhale akudziwa kuti ndi zabodza. Tsiku limenelo ndinanyada kwambiri. Lero mawuwo sindikufuna n'kuwakumbukira komwe.

Anthu atayamba kufunsa mmene nkhaniyi inayambira, ndinalembanso kuchokera m'mutu kope loyamba lija ndinasiya kumudzi. M'menemo muli tsamba limene Chimphepo akuwoloka mtsinje wosefukira. Akumanga chingwe m'chiuno mwake, mbali inayo akumanga kumtengo, n'kudziponya m'madzi. Tsamba limenelo ndinalilemba ndili ku Bembeke, kumene timitsinje timatidumpha osavula nsapato. Inu mukudziwa kuti ine ngakhale kusambira sinditha. Ndinangoona kuti zikumveka bwino. Ambokile analikonda tsamba limenelo kuposa ena onse.

Lachiwiri madzi anabwerera m'njira yake yakale n'kuzungulira chitunda chimene panali ng'ombe zisanu ndi zinayi za bambo ake a Ambokile, a Zebedee. Amalume anangoti madzi saiwala khwawa. A Zebedee anauza ana awo kuti asayerekeze kupitako, ng'ombe zimadziwa kuima, ndipo mabwato onse akutulutsa anthu kaye.

Dzulo m'mawa ndinali pakhonde la kuseri pamene ndinaona Ambokile akudutsa ndi mng'ono wake Anthony, wa Sitandade 7. Paphewa anali ndi chingwe chachitali cha nayiloni, cha buluu, chimene amagula ku Songwe chomangira katundu. Anthony anatenga chikwanje. Kope langa linali m'jumbo ya shuga, litatulukira pang'ono m'malaya mwa Ambokile. Atandiona anagunda tsaya lake ndi zala ziwiri, moni wa Chimphepo. Inenso ndinagunda langa.

Achemwali, ndinamvetsa nthawi yomweyo kumene akupita ndi zimene akukachita. Koma sindinawaletse, ndipo sindinakaitane amalume.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake. Ndikhoza kunena kuti ndinkaopa amalume, kapena kuti sindinafune kuneneza mnzanga yekhayo amene ndili naye. Zimenezo ndi zoona. Koma palinso china chimene sindinauze munthu aliyense. Ndinkafuna kuti zitheke. Ndinkafuna kuwaona akubwera masana ndi ng'ombe zonse, anthu akuwakuwira, kuti zimene ndinalemba ndi bolopeni yanga zikhale zenizeni. Ndinakhala pakhonde pomwepo kuyang'ana njira, mpaka mthunzi wa nyumba unatembenuka.

Cha m'ma 3 koloko amayi ake a Ambokile anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa. Atafika kwathu ndinalowa m'nyumba. Ndinamva mawu awo akutalikira, akuitana mayina onse awiri. Pamenepo ndiye ndinatuluka n'kuthamangira kumene madzi alekezera, kumene a Zebedee anaima ndi amuna ena.

Ndinawauza zonse, za kope, za tsamba lija, za chingwe cha buluu. Anamvetsera osandidula. Kenako anandifunsa kuti ndibwereze pamene munthu wa m'nkhaniyo anamanga chingwecho. Ndinati m'chiuno. Anatembenukira anzawo n'kunena mawu ochepa m'Chinkhonde. Mmodzi anagwira m'mutu n'kukhala pansi pamatope pomwepo.

Kenako a Zebedee anandifotokozera pang'onopang'ono m'Chichewa, ngati akuphunzitsa mwana wamng'ono. Anati chingwe cha m'chiuno chikangokungika, madzi amamukanikizira munthu pansi ndipo sangadzukenso, mfundo nayo imalimba moti zala sizingamasule. Anati kuno munthu salimbana ndi madzi. Amalowera kumtunda, n'kulola kuti amutenge chopingasa mpaka akatulukire kumunsi, ndipo ngati pali ng'ombe amagwira mchira wake. Zimenezi anawaphunzitsa ana awo asanayambe n'komwe sukulu. Anafunsa, osayang'ana ine koma madzi, kuti zimatheka bwanji mwana kusiya mawu a bambo ake n'kumvera kope. Sanandikalipire. Pomaliza anangoti ndagha, ndiko kuti zikomo. Bola akanandimenya khofi.

Bwato linapezeka dzuwa litapendeka kale, ndipo eni ake anakana kulowa m'madzi odzaza mitengo nthawi imeneyo. Anyamuka lero kutangoyera, amuna asanu. Mpaka pano palibe chimene tamva.

Amalume akuti si mlandu wanga, Ambokile ndi wamkulu ndipo mtsinje amaudziwa kuposa ine. Koma ndawaona atakweza katoni yawo ija pamwamba pa kabati n'kuiphimba ndi thumba. M'mawa uno nditapita kumjigo amayi onse anasiya kuyankhula, n'kundipatsa mpata kuti nditunge msanga ngakhale ndinali womaliza pamzere. Mmodzi wa a kabaza aja, amene amandikuwira za Sajeni, wandidutsa akuyang'ana kutsogolo.

Tsopano pempho langa ndi limodzi lokha. Kope loyamba lenileni lili m'chikwama changa chakale, kunsi kwa bedi. Pa Khirisimasi munandiuza kuti Khumbize analipeza, ndipo amadzilemba chipsera cha makala patsaya n'kumalamulira anzake. Chonde lipezeni tsiku lomwelo mulandire kalatayi. Tsambalo silisowa, ndinajambulapo mtengo ndi chingwe m'mphepete mwake. Ling'ambeni mulitenthe. Kope lonselo musawotche ayi, angalire ndipo adzayamba kusimba za m'mutu, chingwe chili momwemo. Akafunsa kuti Sajeni anawoloka bwanji, mumuuze kuti anayenda ulendo wautali mpaka anapeza mlatho. Ndipo mvula ikagwa yambiri musamulole kupita kudambo ndi anzake aja.

Amayi musawauze kaye zimenezi, mukudziwa mmene mtima wawo umathamangira. Mungowauza kuti ndikudya bwino ndipo mayeso ndikukonzekera.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga, ndi kwa kamwana kanu Madalo, kamene mwina kayamba kuyenda tsopano. Moni kwa azakhali ndi ana awo onse, komanso kwa agogo aamuna, muwauze kuti mpunga wa Kilombero umene anapempha chaka chino ukhala wovuta. Khumbize mumugwire mutu m'malo mwanga.

Mutikumbukire m'mapemphero. Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
Lawi

A Keziya sananyamukebe, ndiye ndatsegulanso envulopu kuti ndiwonjezere izi.

Bwato lafika 2 koloko itangokwana. Abwera a Zebedee ndi amuna anayi aja. Abwera ndi Anthony, amene anamupeza mumtengo wa mango pakachitunda kena pakati pa madzi, akunjenjemera, zikhatho zitasupuka. Iye akuti chingwe chitakungika mkulu wake n'kumira, anachikoka osatheka, kenako anachidula ndi chikwanje, ndipo anaona mutu ukutumphuka kawiri kulowera kumabango a kumunsi. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zabwera zokha, zatulukira kumunda wa tchalitchi. Kope labwera louma, m'jumbo yake ya shuga, poti Ambokile analisiyira mng'ono wake asanalowe m'madzi, ndipo Anthony wandipatsa osandiyang'ana kumaso. A Zebedee angomwa madzi ali chilili n'kubwereranso m'bwato.

Ambokile sanabwere.