Akukuitanani ku Fingoe, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Chiputo mvula yakata. Mapira takolola pang'ono, omwe mbalame ndi ankhondo anatisiyira. Mng'ono wanga Rozinya wabereka mwana wamkazi, tamutcha Felista, dzina lanu. Tsinya lanu lija walitenga lonse.

Nkhani yaikulu ndi ya achimwene, a Zakeyo. Mukukumbuka kuti anawamanga ku Fingoe, ati anali m'gulu lomwe linaba ndi mfuti m'loja, sitolo ya kumeneko. Chonsecho tsiku limenelo iwo anali atakukwezani panjinga, ulendo wa kuchipatala ku Malowera. Achimwene anakutchulani kuti ndinu mboni yawo, koma palibe anabwera kudzakufunsani. Mlandu wonse unali m'Chipwitikizi, popanda womasulira. Iwo ankangogwedeza mutu, poti munatilera kuti wamkulu sadulidwa mawu, kenaka anadinda chala papepala lomwe sanawawerengere. Ulemu wanu uja unawagoneka m'ndende, Amayi. Sindikunena mokwiya.

Aphunzitsi ena anatilembera dandaulo lopita kubwalo lalikulu ku Tete. Linayenda ndi magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kenaka zaka ziwiri kuli zii. Paja munkati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzana yankho linafika. Oweruza a ku Tete sananene kuti achimwene ndi osalakwa. Ati mlandu unazengedwa mokhota, chifukwa munthu sanamve zomwe ankamuneneza, ndipo mboni yake sinaitanidwe. Uyambirenso. Pansi pake alemba dzina la mboniyo, kuti ikaonekere mwezi wamawa.

Akukuitanani, Amayi, patatha chaka chikuikireni m'manda.

Masana ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, pepala lili pamiyendo. Ndinakuonani mukukwera njira ya ku Fingoe mosafulumira, mutavala kapulana yanu yobiriwira, fumbi osakukhudzani. Mutalowa m'bwalo oweruza onse anaimirira, nayamba kuyankhula Chinyanja. Anandidzutsa ndi tonde wathu, akufuna kudya pepalalo.

Pali chimene chimandipweteka. Mmawa uja ndine ndinakumangirirani kumsana kwa achimwene ndi kapulana yomweyo kuti musagwe panjinga. Ndinaona zonse, koma nditamva za mfuti ndinaopa, ndinatseka pakamwa.

Kapulanayo ndaichapa. Ndidzaivala, ndipo akadzaitana dzina lanu ndidzaimirira ine. Wamkulu akadzafuna kunditseka pakamwa ndidzamudula mawu, mundikhululukiretu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Marita