Munditumizire Nkhope Yanga Yakale

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Kodi mukudzuka bwanji inu ndi alamu? Nanga mwendo wa Amayi uja unaphwa? Ine ndilipo, koma ndikati ndili bwino ndiye kuti ndakunamizani.

Paja ndinakuuzani chaka chatha kuti anandipeza ndi matenda a chithokomiro. Mankhwala ndikumwa tsiku lililonse, sindinadumphitsepo, ndipo ndimachonga pa kalendala. Mtima unasiya kuthamanga, koma matendawa analowa m'maso. Maso atuluka, achemwali, ngati a munthu wodzidzimuka. Zikope sizikumananso, misozi imangotsika yokha, ndipo ndikayang'ana kumbali chitseko chimodzi chimasanduka ziwiri. Potsika basi ndimayamba ndafufuza sitepe ndi phazi.

Atsikana atsopano ku fakitale amandilambalala poganiza kuti ndawakwiyira. Mnzanga wa tebulo loyandikana, amene timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipatsekeka, amati ndisamamutuzulire maso choncho, iye sanandilande mwamuna. Ndimaseka nawo, nanga nditani.

Ntchito yanga mukuidziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri malaya onse otuluka m'chipinda chosokera akhala akudutsa m'manja mwanga: kolala, mabatani, msoko, mtundu wa ulusi. Panalibe ngakhale amodzi amene anabwezedwapo. Mwezi watha makatoni anayi a malaya ofiira anabwerera. Mikono inasokedwa ndi ulusi wofiira wina, wotumbulukirako, ndipo chidindo chovomereza chinali changa.

Ndinakana mpaka kulumbira. Kapitawo sanalimbane nane. Anangoyala timipukutu khumi ta ulusi patebulo n'kundiuza kuti ndisiyanitse. Kwa ine tonse tinali tofanana, tofiira ngati njerwa. Ndinatigawabe pawiri, ndipo nditakweza mutu ndinapeza Wailesi ali duu, akuyang'ana pansi. Pomwepo ndinadziwa.

Kuchipatala anandigoneka m'makina ojambula m'mutu, aphokoso ngati chigayo, n'kundiuza kuti ndisagwedezeke. Ndinkawerenga manambala chamumtima kuti ndisakuwe. Kenako dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine kutalitali, anandionetsa ubongo wanga pa kompyuta. Anati minofu ya kuseri kwa maso yatupa ndipo ikufinya mtsempha wa diso, n'chifukwa chake mitundu ikundionekera yofuwa. Anaonjezera kuti chakunkhongo, kumene ubongo umamasulira zimene maso aona, magazi sakuyenda monga amayendera mwa anthu ena, ndipo mbali imeneyo ikugwira ntchito mofooka.

Ine ndinkayesa kuti vutoli lathera pankhope. Ndinamufunsa ngati magaziwo adzabwerera m'njira yake akandichita opaleshoni ya maso. Sanandinamize. Anati zimenezo akuzifufuzabe, ndipo palibe amene angalonjeze. Mawu ake onse ndinawalemba kuseri kwa khadi la chipatala. Ndawawerenga kambirimbiri, nditatseka diso limodzi, koma sindikupezamo pogwira.

Pempho langa ndi limodzi. Dokotalayo akufuna chithunzi changa chakale, choonetsa nkhope yonse, kuti aone mmene maso atulukira asanandilembe pa mndandanda wa opaleshoni. Zanga zinapita ndi foni ija inagwera m'beseni lochapira. Chotsala ndi chimene chili pakhoma kuchipinda kwa Amayi, chija ndinajambulitsa ndi malemu Bambo tsiku limene ndinkanyamuka.

Muchichotse m'felemu mosamala, mutsegulire kumbuyo, timisomali ndi tinayi. Muchiike pakati pa timakatoni tiwiri, musachipinde, ndipo musalembe kanthu kuseri kwake chifukwa inki imadutsa. Chifike lisanakwane tsiku la 20, limene ndikubwerera kuchipatala.

Ndikudziwa kuti Amayi amachipukuta Loweruka lililonse ndipo aona msanga kuti pakhoma pasowa kanthu. Akafunsa, muwauze kuti ndawasowa Bambo. Si bodza. Za maso musatchule. Akapempha kuti tiyankhulane moonana nkhope pa foni, munene kuti netiweki yavuta, monga ndakhala ndikunenera ine miyezi yonseyi.

Kapitawo anandisamutsira kopinda malaya, n'kunena kuti tebulo langa andisungira mpaka kutha kwa mwezi uno. Dzulo m'mawa ndinapeza mpando wanga autsitsa, pakhala mtsikana wina wa maso akuthwa. Ankayang'ana kolala osaitembenuza. Ndinapinda malaya atatu ndikumuonera patali, achinayi ndinalephera kupirira. Ndinapita kukamuonetsa potembenuzira, ndi pakona pamene ulusi umakonda kuthawa. Anagwira msanga, mwana waulemu ndithu. Atathokoza anandifunsa kuti, poti katoni yadzaza, chidindo chimakhala kuti. Ndinachitulutsa m'thumba la epuloni n'kumupatsa.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Achimwene muwauze kuti kalata yawo ndinailandira, ndipo ndidzayankha maso akandilola.

Tsalani bwino, muzindikumbukira.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira