Diso Limene Ndinkatsinzina

Lolemba, 3 Malichi
Maikulosikopu yatsopano yafika ku labu. Ya maso awiri. Yakale ija, ya diso limodzi, aikweza pamwamba pa kabati. Ndaisuzumira kuyambira ndili mtsikana, lamanja pagalasi, lamanzere chotsinzina. Yatsopanoyi ili ndi vuto: mbali yakumanzere, theka lam'mwamba ndi mdima. Ndapukuta, osasintha. Ndauza abwana kuti aibweze.

Lachiwiri, 4 Malichi
Kandevu, mnzanga wa pabenchi, wasuzumira. "Achemwali, makinawa ali bwinobwino. Kapena mwawasowa amuna anu akale ali pakabatiwo?" Tinaseka.
Atatuluka ndinasinthanitsa. Diso lamanja pagalasi lakumanzere: ngwee. Diso lamanzere pagalasi lakumanja: mdima wasamuka nalo.
Vuto si makina.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndawerenga. Si ng'ala. Ng'ala imabwera ngati chifunga, ndipo imachotseka. Kuwawa kulibe, diso silofiira. Chimene chimadya m'mbali mwakachetechete mabuku akuti ndi gulakoma: madzi a m'diso amapanikiza mtsempha, mtsempha n'kumafa pang'onopang'ono. Diso labwino limatseka mipata ya linzake, mwiniwake osadziwa. Ine ndiye ndinathandizira kubisa, tsiku lonse chotsinzina.
Kuwerenga si kuyezetsa. Ndisadziweruze ndekha.


Lolemba, 10 Malichi
Kuchipatala cha maso. Zilembo za pakhoma ndawerenga mpaka mzere wapansi, ndi diso lililonse palokha. Ndinayamba kumwetulira. Namwino: "Musafulumire mayi, chimenechi chimayamba m'mphepete, pakati chimafikapo pomaliza."
Anandidontheza mankhwala, kachipangizo n'kukhudza diso. Pulesha ya m'maso yakwera, konsekonse. Kenako chibwano pakabokosi, n'kumadina batani ndikaona kakuwala. Kumanzere ndinakhala nthawi yaitali chala chili chete. Makina akungolira. Ndinkadziwa kuti akuyatsa.
Kunja dzuwa ngati singano. Ndinaoloka msewu nditagwira mkono wa mayi wosamudziwa.

Lachiwiri, 11 Malichi
Abambo akunyumba: "Ndi kutopa basi. Si mabuku akowa? Tikugulira magalasi uzioneka ngati a hedimasitala." Ndinawafotokozera kuti magalasi sadzutsa mtsempha wakufa. Anapita kukatsuka njinga yoyera kale.
Mwina ndinanena mouma. Koma ndi mmene zilili.

Lachisanu, 21 Malichi
Dokotala waona zotsatira. Lamanzere: chimene chapita chapita. Lamanja layambika, kachigamba kakang'ono mbali ya kumphuno. Mankhwala odontheza m'mawa ndi madzulo, moyo wonse.
Ndinafunsa ngati lamanja liimire pomwepo. "Ambiri limaima. Tionane Juni."
Ambiri si onse.
Za ntchito anati pakati ndikuonabe bwino, koma abwana adziwe. Sindinawauze. Ndani angasunge mu labu munthu wa diso lakufa theka? China chimene ndimadziwa n'chiyani?

Lachitatu, 26 Malichi
Mankhwala amaluma, n'kutsikira kukhosi, kuwawa kwake! Ndadzipeza ndikuyenda mutu chopendeketsa. Ndagunda phewa pachitseko cha bafa. Chaka chatha ndikanati chitseko n'chopapatiza.
M'mawa uliwonse ndikuphimba lamanzere ndi chikhatho, n'kuyang'ana denga, kuona ngati makona onse alipo. Ndikudziwa kuti mayeso amenewa n'ngachabe. Ndikuchitabe.

Lachinayi, 27 Malichi
Kagalasi ka magazi a mwana wa ku wodi. Thupi moto, akukomoka. Ndayang'ana mbali zonse, n'kubwereza. Tizilombo ta malungo sindinatione. Ndinagwira cholembera kuti ndilembe "mulibe". Mulibedi, kapena tili pomwe diso langa silifika? Kale funso limeneli kunalibe.
Ndamuuza Kandevu zonse. Sanaseke. "Bweretsani kuno, achemwali."
Wakhala pampando wanga. Ndikulemba izi kuti manja apeze chochita. Mayi wa mwanayo ali pawindo, akuyang'ana ine, poti wamkulu muno ndine.
Kandevu ndi wachangu masiku onse. Lero akuchedwa. Wasiya kuyendetsa kagalasi, akuwonjezera kuwala, ndipo tsopano akundikodola kuti ndidzaone chimene wapeza.